Chibowo cha ozoni sichili pamwamba pa Thyolo, tileke kunamiza ana

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndabwera ndi mlandu. Pali chiganizo chimodzi chimene chakhazikika m'makalasi mwathu ngati nsikidzi m'mphasa. Chimati: anthu akudula mitengo ndi kutentha tchire, utsi ukuboola ozoni, kutentha kwa dzuwa kukulowera pachibowocho, n'chifukwa chake mvula yasokonekera. Mumachipeza m'manotsi amene amangokoperedwa chaka ndi chaka, m'ndakatulo za tsiku lodzala mitengo, m'masewero a ana, ngakhale pakamwa pa mlendo wolemekezeka atavala suti. Chimamveka bwino, sindikana. Mwana amachiloweza mosavuta. Koma ndi bodza kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo umboni wake wakhala ukujambulidwa ndi masetilaiti kuyambira 1978, ambiri mwa ife tisanayambe n'komwe kugwira choko.

Musandimve molakwa. Mitengo tidzale. Aliyense wodutsa msewu wochokera ku Limbe kupita kwa Thyolo amaona yekha mmene phiri la Thyolo linametedwera. Kudula mitengo kumakokolola nthaka, kumaphwetsa mitsinje, kumawonjezera carbon dioxide m'mlengalenga. Milandu imeneyi ndi yokwana kale. Palibe chifukwa chomusemera chinyau wamakala pa mlandu wina umene sanapalamule.

Tiyambe ndi ozoni weniweniyo. Ndi mpweya wa oxygen womwewu, kungoti maatomu ake ndi atatu m'malo mwa awiri. Wochuluka ali kumtunda, pakati pa makilomita 15 ndi 35 kuchokera pansi, m'chigawo chija timachilemba pabolodi kuti stratosphere. Ntchito yake si kutchinga kutentha. Amatchinga cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso chotchedwa UV, chimene chimawotcha khungu, chimayambitsa khansa ya pakhungu ndiponso ng'ala m'maso. Mutati mumutsitse yense pansi pano n'kumupanikiza, angakhuthale mamilimita atatu okha, ngati chikuto cha kope la hardcover. Asayansi amawerenga mamilimita atatuwo kuti ma Dobson unit 300. Tsono chimene amachitcha chibowo si bowo ngati la palata lodontha. Ndi dera limene ozoni wachepa mpaka kutsika pansi pa 220. Dera limeneli lili pamwamba pa Antarctica. Bvumbwe ali pafupi ndi madigiri 16 kumwera kwa equator, ndipo kuti mukafike kumene chibowo chimayambira muyenera kuyenda makilomita pafupifupi 5,000 kulowera kumwera, kupitirira Cape Town, kulowa m'nyanja yozizira. Zaka zina m'mphepete mwake mumakhudza Punta Arenas ku Chile ndi Ushuaia ku Argentina. Satemwa ndi Makwasa sichinafikeko.

Ndimaganiza kuti chimene chimatipusitsa ndi kalendala. Chibowo chimayamba kutseguka mu Ogasiti, chimakula kwambiri mu Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala, n'kudzatsekeka chakumapeto kwa chaka. Imeneyi ndi miyezi yomweyo imene kuno tchire likupsa, anyamata akusaka mbewa, mapiri a Mulanje sakuoneka chifukwa cha utsi, ndipo dzuwa likuswa mtengo. Wailesi ikati chibowo chakula, munthu amasuzumira panja, aona utsi, amva kutentha, basi nkhani yatha. Koma zinthu ziwiri kuchitika mwezi umodzi sindiye kuti china chabala chinzake. Izi timawauza ana a Form 2 m'phunziro la sayansi. Bwanji osadziuza tokha?

Chinaboola ozoni chimadziwika ndi dzina. Mu 1974 Mario Molina ndi Sherwood Rowland analemba kuti mankhwala otchedwa CFC, amene ankaikidwa m'mafiriji, m'makina oziziritsa m'nyumba ndi m'zitini zopopera, saola pansi pano. Amakwera pang'onopang'ono mpaka ku stratosphere, kumene cheza cha dzuwa chimawaphwanya n'kumasula klorini. Atomu imodzi ya klorini imatha kuphwanya tizigawo ta ozoni masauzande ambirimbiri isanatope. Makampani anawatsutsa, koma mu 1995 awiriwa analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Paul Crutzen. Nanga bwanji Antarctica, kumene kulibe firiji yoti n'kuitchula? Yankho lake ndi kuzizira. M'nyengo yachisanu mphepo yamphamvu imazungulira kontinentiyo n'kutsekera mpweya m'kati ngati m'khola. Kumazizira kupitirira madigiri 78 pansi pa ziro, ndipo kumtunda komweko kumapangika mitambo yachilendo. Pa timadontho ta mitambo imeneyi klorini amene anali wogona amadzuka, n'kumangodikira kuwala. Dzuwa likangobwerera mu Ogasiti ndi Seputembala, ntchito yowononga imayamba. Susan Solomon ndi amene anafotokoza zimenezi, ndipo mu 1986 anatsogolera gulu la asayansi kupita ku McMurdo kukaziyeza. M'nkhani yonseyi mulibe thumba la makala ngakhale limodzi.

Tsopano za masetilaiti, pakuti apa ndi pamene pali mnofu. Mu Okutobala 1978 bungwe la NASA linaponya m'mwamba setilaiti ya Nimbus-7, itanyamula chida chotchedwa TOMS. Kagwiridwe kake ka ntchito mwana wa Form 3 angakamve. Cheza cha UV chikafika padziko, china chimabwerera m'mwamba. Mitundu ina ya chezacho ozoni amaimeza kwambiri, ina amaimeza pang'ono. Chidacho chimayerekeza ziwirizi: ngati cheza chimene ozoni amayenera kumeza chabwerera chochuluka, ndiye kuti ozoni wachepa pamenepo. N'chifukwa chake chida chotere sichiona kanthu pakati pa Antarctica m'miyezi ya mdima, chimadikira dzuwa. TOMS ya pa Nimbus-7 inagwira ntchito mpaka 1993, ndipo zida zina zinalandira ndodo: OMI pa setilaiti ya Aura kuyambira 2004, OMPS pa Suomi NPP kuyambira 2011, TROPOMI ya ku Ulaya pa Sentinel-5P kuyambira 2017.

Chosangalatsa n'chakuti amene anayamba kulengeza za chibowo si a setilaiti. Anali amuna atatu a British Antarctic Survey, Joe Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin, amene anagwiritsa ntchito manambala a chida cha pansi pa malo otchedwa Halley, pamene anthu ankayeza ozoni mosadumphitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Analemba m'magazini ya Nature mu Meyi 1985. Setilaiti inali itaona kale manambala otsikawo, koma kompyuta inakonzedwa kuti nambala yotsika mopitirira muyeso iziiika pambali ngati yokayikitsa, ndipo akatswiri anali akadazifufuza. Mu Ogasiti 1985 Pawan Bhartia wa ku NASA anaonetsa zithunzi zake pamsonkhano ku Prague, ndipo dziko linaona kuti vutolo si la pa Halley pokha, ndi chilonda chachikulu ngati kontinenti. Wa pansi anaona kuya kwake, wa m'mwamba anaona kukula kwake. Ndikamadutsa pafupi ndi siteshoni ya zanyengo ya pa Bvumbwe pano ndimakumbukira nkhani imeneyi. Munthu amene amadzuka m'mawa uliwonse kukawerenga chida choyezera mvula, n'kulemba m'buku ngakhale tsiku limene sikunagwe kadontho, akugwira ntchito yofanana ndi ya anthu a pa Halley. Tiziwapatsa ulemu.

Manambala ake ndi awa, ndipo ndikupempha muwakopere m'malo mwa manotsi aja. Mu 1979 dera lotsika pansi pa 220 linali laling'ono, masikweya kilomita pafupifupi 1 miliyoni. Pofika 1987 linali litapitirira 20 miliyoni. Pa 9 Seputembala 2000 linafika 29.9 miliyoni, lalikulu kuposa tsiku lina lililonse m'kaundula wa NASA. Kuti mwana amve, muuzeni kuti Africa yense ndi masikweya kilomita pafupifupi 30 miliyoni, ndipo Malawi wathu, pamodzi ndi nyanja, angalowemo maulendo 250. Chaka cha 2006 chinatsala pang'ono kufanana nacho. Kuchokera pamenepo mzere sunatsike mowongoka ngati wa rula. Mu 2002 chibowo chinang'ambika pawiri chifukwa kumtundako kunafunda mwadzidzidzi. Mu 2019 zinachitikanso zofanana nazo, chinangofika 16.4 miliyoni, chaching'ono kuposa zaka zonse kuchokera 1982. Anthu anaomba m'manja msanga. Chaka chotsatira chinabwerera pa 24.8 miliyoni, ndipo mu Seputembala 2023 TROPOMI inayeza 26 miliyoni. Kenako 2024 ndi 2025 zinali m'gulu la zaka za chibowo chaching'ono kuchokera 1992.

Apa pali phunziro la magirafu limene palibe buku lingalipose. Chaka chimodzi sichinena kanthu. Mlimi wa tomato wa pamsika wa Bvumbwe amadziwa kuti mtengo wa Loweruka limodzi si mtengo wa chaka. Kuti adziwe ngati chilonda chikupoladi, asayansi anasiya kungoyang'ana kukula kwa chibowo, anayeza klorini weniweniyo. Chida china cha pa Aura, chotchedwa MLS, sichidalira dzuwa, chimaona ngakhale mumdima. Mu 2018 Susan Strahan ndi Anne Douglass anasonyeza ndi manambala ake kuti klorini akuchepa, ndipo kuwonongeka kwa ozoni m'nyengo yachisanu kunatsika ndi pafupifupi 20 peresenti poyerekeza ndi 2005. Lipoti la akatswiri a United Nations lotuluka mu Januwale 2023 linati zikapitirira chonchi ozoni adzabwerera mmene analili mu 1980 cha m'ma 2040 m'madera ambiri, 2045 ku Arctic, ndi 2066 ku Antarctica. Kuchedwaku n'chifukwa chakuti ma CFC ena amakhala m'mlengalenga zaka 50, ena 100.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Pochiritsa chilonda chimenechi Malawi anagwirapo ntchito, ndipo ana athu sadziwa. Pangano la Montreal linasainidwa pa 16 Seputembala 1987, ndipo dziko lathu linalowamo mu 1991. Ife tinalibe mafakitale a CFC, koma tinali ndi fodya. Alimi ankathira mankhwala otchedwa methyl bromide m'mabedi a nazale, ataphimba ndi pulasitiki, pofuna kupha tinyongolotsi totupitsa mizu, matenda ndi njere za udzu. Mankhwalawa ali ndi bromine, amene amadya ozoni mwaukali kuposa klorini, ndipo Malawi anali m'gulu la mayiko a mu Africa amene ankawagwiritsa ntchito kwambiri. Mayiko osauka anapatsidwa mpaka 2015 kuti awasiye. Malawi anawasiya pofika kumapeto kwa 2004, zaka 10 nthawi isanakwane. Bungwe la ARET, mothandizidwa ndi UNDP, linaphunzitsa alimi njira zina, monga kufesa m'mathireyi oyandama pamadzi. Ganizirani bwino: fodya ndi amene amabweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko muno, ndipo alimi a ku Kasungu, Mchinji ndi Lilongwe anasintha kafesedwe kake chifukwa cha chithunzi chojambulidwa pamwamba pa dziko la madzi oundana limene sadzaliona. Nkhani yotere timaisiya, n'kumaphunzitsa ana kuti amene anaboola ozoni ndi agogo awo pophika nsima pankhuni. Zoona?

Ndikudziwa kuti m'chipinda cha aphunzitsi simusowa wotsutsa, ndiye ndimuyankhiretu. Wina adzati: koma utsi ndi ozoni zimakhudzana ndithu. Inde, koma osati mmene manotsi aja amanenera. Mu Seputembala 2000, mwezi womwe uja chibowo chinakula kuposa kale lonse, gulu la Anne Thompson wa ku NASA linkaulutsa mabaluni oyeza ozoni ku Lusaka, pa kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000. Anapeza ozoni wochuluka m'munsi muno, mumpweya umene timapuma, wopangidwa ndi utsi wa moto wa tchire ndi wa m'tauni ukawombedwa ndi dzuwa. Ndiye kuti moto wathu suboola ozoni wa kumtunda, umapanga ozoni wina pansi, pamene sakufunika, amene amapweteka mapapo ndi masamba a mbewu. Moto umene utsi wake unafikadi ku stratosphere ndi wa ku Australia wa 2019 ndi 2020, moto woopsa wopanga mitambo yakeyake, ndipo ngakhale pamenepo utsiwo unangodzutsa klorini wa ma CFC amene analipo kale. Ngati mukufuna chinthu cha kumunda kwathu chimene chimafikadi kumtunda n'kudya ozoni, ndi nitrous oxide wotuluka m'nthaka yothiridwa feteleza, kaya m'munda wa chimanga kaya wa tiyi. Chimenecho muwaphunzitse, n'choona.

Wina wowerenga kwambiri adzanditchulira Desmond Manatsa wa ku yunivesite ya Bindura ku Zimbabwe, amene mu 2013 analemba ndi anzake mu Nature Geoscience kuti kuchepa kwa ozoni ku Antarctica kukukhudzana ndi kutentha kwa chilimwe kumwera kwa Africa. Ndimaulemekeza kafukufuku ameneyu, makamaka poti ndi wa mnansi wathu. Koma muwerenge zimene ananena. Sananene kuti kutentha kumatsika kudzera pabowo ngati mvula padenga lothyoka. Ananena kuti stratosphere ya ku Antarctica ikazizira chifukwa chosowa ozoni, mphepo zikuluzikulu za kumwera kwa dziko zimasuntha, ndipo kusunthako kumasintha kayendedwe ka mpweya kuno. Imeneyi ndi nkhani ya mphepo, ndipo chiyambi chake ndi ma CFC omwe aja, osati nkhwangwa. N'zoonanso kuti ma CFC amasunga kutentha ngati carbon dioxide, mwamphamvu kuposa iye. Mavuto awiriwa ndi apachibale. Koma msuweni si mchimwene wako, ndipo mphunzitsi amalipidwa kuti asiyanitse.

Mwina mukuti, bambo inu mwakokomeza, bola mwana adziwe kuti chilengedwe n'chofunika. Ayi. Taonani kumene bodzali limatifikitsa. Mwana amene tinamuuza kuti mvula yasokonekera chifukwa cha chibowo, mawa amva pawailesi kuti chibowo chikutsekeka. Aganiza chiyani? Aganiza kuti vuto latha, mvula ibwerera mwakale. Chonsecho mu Marichi 2023, chibowo chili m'njira yopola, namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi kuno ku Thyolo, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Mu Marichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Carbon dioxide sanasiye kukwera. Mwanayo akadzaona kuti chibowo chikuchepa koma njala ikupitirira, adzati asayansi ndi abodza, ndipo amene anamunamiza adzakhala atapuma ntchito kalekale.

Palinso khungu la anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno, ndipo khansa ya pakhungu ndi mdani wawo wamkulu. Ena ali m'makalasi mwathu. Dzuwa la kuno ndi loopsa osati chifukwa cha chibowo. Tili pafupi ndi equator, kumene cheza chimatsika chowongoka ndipo ozoni ndi wopyapyala mwachibadwa, komanso Bvumbwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000. Masana a miyezi yotentha muyeso wa UV umapitirira 11, pamene bungwe la WHO limati ndi poopsa kwambiri. Zinali choncho 1980 isanafike, zidzakhala choncho 2066 itadutsa. Mitambo yopyapyala siitchinga UV yense, ndiye kuzizira kwa tsiku kusakupusitseni. Mwana wachialubino afunika chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu lero, ndipo aphunzitsi asamamuimike padzuwa pa asembule kapena pa chilango. Mayi wothyola tiyi kuyambira m'mawa mpaka masana maso ake afunika mthunzi. Ukamuuza munthu kuti vuto ndi chibowo, ndiye chibowo chikupola, wamuvula chipewa.

Ndipo tikawabisira ana nkhani yeniyeni, timawamana chinthu chimodzi chimene sachimva kawirikawiri: kuti mayiko anagwirizanapo kanthu n'kutheka. Pofika 2009 mayiko onse a m'bungwe la United Nations anali atalowa m'pangano la Montreal, ndipo pafupifupi 99 peresenti ya mankhwala oletsedwawo anasiyidwa. Sikuti anthu anasanduka angelo. Mu 2018 Stephen Montzka wa ku NOAA ndi anzake anaona kuti CFC-11 sakutsika mmene amayenera kutsikira, kutanthauza kuti wina akumupanga mobisa. Zida za pansi za ku South Korea ndi Japan zinaloza kum'mawa kwa China, ndipo posakhalitsa utsi wakubawo unachepa. Pangano linagwira ntchito chifukwa panali woyeza, ndipo woyezayo sankagona.

Za kusowa labu musandiuze. Mapu a chibowo kuyambira 1979 ali pa intaneti, pa tsamba la NASA lotchedwa Ozone Watch, aulere. Foni imodzi ndi bandulo ya tsiku limodzi zikwana. Kulibe netiweki? Manambala ndakupatsani pamwambapa. Jambulani mizere iwiri pabolodi, zaka m'munsi, kukula m'mbali, ana aike madontho okha, kenako muwafunse chifukwa chimene 2019 yatsikira chotere ndipo 2020 yakweranso. Pa 16 Seputembala, tsiku lokumbukira ozoni padziko lonse, teremu yoyamba imakhala itangoyamba ndipo chibowo chimakhala chili pachimake. Phunziro lake ndi limenelo, osati ndakatulo ina ya nkhwangwa.

Inu ophunzira anga akale, homuweki yanu nayi, ngakhale ena muli ndi ana anuanu tsopano. Kasuzumireni kumbuyo kwa firiji ya kunyumba kapena ya pagolosale, pali kachikwangwani kolembedwa mtundu wa gasi. Mukapeza R-12, imeneyo ndi CFC yeniyeni, ya m'mafiriji akale, imene mayiko ngati lathu anayenera kusiya kuitanitsa pofika 2010. Ikawonongeka musalole wokonza angotsegulira gasiyo m'mwamba. Mukapeza R-134a, ozoni siimukhudza koma imasunga kutentha kwambiri, n'chifukwa chake mayiko anagwirizananso ku Kigali mu 2016 kuti magasi a mtundu umenewo achepetsedwe. Mukapeza R-600a, imeneyo ndi ya mafiriji ambiri atsopano, ilibe mlandu ndi ozoni, koma imayaka moto, choncho wokonza wake akhale wodziwa ntchito. Mundilembere zimene mwapeza, ndi chaka chimene firijiyo inagulidwa.